Kukoma kwa Vinyo Kumayambira M'munda

M'mudzi wa Vosne-Romanée, m'chigawo cha Burgundy kum'mawa kwa dziko la France, muli kamunda kamphesa kotchingidwa ndi mpanda wamfupi wa miyala, ndipo m'mphepete mwake mwaima mtanda wakale wosemedwa pamwala. Kamundako n'kamahekitala 1.8 okha, ndipo dzina lake ndi Romanée-Conti. Pachaka mumachoka mabotolo a vinyo pafupifupi 5,000 kapena 6,000 basi. Mu 2018 botolo limodzi la vinyo wa m'mundamu, wa zokolola za mu 1945, linagulidwa pa okushoni ku New York pa mtengo wa madola 558,000. Ukachoka pamenepo n'kutsetsereka, kudutsa nyumba za m'mudzimo, n'kuoloka mseu waukulu wochokera ku Dijon kupita ku Beaune, ulendo wosakwana ndi theka la ola lomwe wapansi, umapeza minda ina yodzalidwa mphesa za mtundu womwewo wa Pinot Noir. Dzuwa ndi lomwelo, mitambo ya mvula ndi yomweyo. Koma vinyo wa kumunsiko ndi wamba, woti banja n'kugula womwera chakudya cha Lamlungu.

Nanga n'chiyani chili kumtundako chimene kumunsi kulibe? Mbali yaikulu ya mtengowo ndi kutchuka ndi kusowa kwa chinthucho, paja chinthu chikachepa olemera amachilimbirana. Komatu kutchukako kuli ndi pochokera. Kwa zaka mazanamazana anthu ankalawa vinyo wa minda yoyandikana chaka ndi chaka, n'kumapeza kuti munda wakutiwakuti ukupambanabe unzake ngakhale mwini wake atasintha. Afalansa ali ndi liwu limodzi lonenera zimenezi, lakuti terroir. M'liwu limeneli asonkhanitsamo nthaka, nyengo, kakhalidwe ka malo, ndiponso nzeru za anthu amene akhala akulima pamalopo.

Mlimi wakwathu sangadabwe nazo. Amadziwa kuti mpunga wa Kilombero wa ku Karonga uli ndi fungo lakelake, kuti tiyi amakondwa ku Thyolo ndi ku Mulanje kumene chiperoni chimabweretsa kamvula kowaza m'miyezi yozizira, ndiponso kuti m'munda umodzi womwewo chimanga cha pachulu sichifanana ndi cha pamchenga. Chimene alimi amphesa anawonjezera n'chakuti anazilemba, kamunda kalikonse anakapatsa dzina, ndipo kenako anaziika m'malamulo. Mpesa unawathandizanso, chifukwa umakhala pamalo amodzi zaka 40, 50 kapena kuposerapo, ndipo vinyo amasungika, moti munthu atha kuika pathebulo limodzi zokolola za zaka khumi n'kuziyerekeza.

Zimene zimachitika m'kati mwa mphesa

Kuti timvetse ntchito ya malo, tiyambe taona chimene wopanga vinyo amafuna m'chipatsocho. Mphesa imayamba yolimba, yobiriwira ndi yowawasa kwambiri. Ikafika posintha mtundu, zinthu zinayi zimayamba kuyenda. Shuga amachuluka, ndipo ndiye amene yisiti idzamusandutse mphamvu ya mowa. Asidi, amene amapatsa vinyo kuwawasa kotsitsimula ndi kumuteteza kuti asaonongeke msanga, amayamba kutsika. Khambi la m'khungu ndi m'njere, lija timalimva mu nthochi yosapsa kapena mu tiyi wowirira wopanda mkaka, limayamba kufewa. Ndipo fungo limachoka pa kununkha masamba aawisi n'kufika pa kununkhira kwa chipatso chakupsa.

Vuto ndi lakuti zinayizi siziyendera limodzi. Kukatentha kwambiri, shuga amathamanga ndipo asidi amatha fungo lisanakhwime, moti vinyo amatuluka wolemera, woledzeretsa msanga, koma wosatsitsimula. Kukazizira kwambiri, chisanu chimapeza mphesa zisanapse, ndipo vinyo amatuluka wamadzimadzi, wowawasa, wonunkha chiwisi. Malo abwino ndi amene zinthu zinayizi zimakumanirana sabata imodzi, kumapeto kwenikweni kwa nyengo yofunda, patatha masiku pafupifupi 100 kuchokera pamene mpesa unachita maluwa. Zonse zimene tinene kutsogoloku, kaya ndi phiri, mtsinje, mphepo kapena mwala, zimafika m'mphesa kudzera pa makomo awiri: kutentha ndi kuwala kumene mpesa umalandira, ndi madzi amene mizu yake imapeza.

Nyengo ndiyo imadula malire

Minda yambiri yamphesa padziko lapansi ili m'malamba awiri, pakati pa madigiri 30 ndi 50 kuchokera pa mzere wa ikweta, kumpoto ndi kum'mwera komwe. M'madera amenewa mpesa umayoyola masamba n'kugona m'nyengo yozizira, ndipo umadzuka kukayamba kufunda kufika pafupifupi madigiri 10. Mu 1944 akatswiri awiri a pa yunivesite ya California ku Davis, Maynard Amerine ndi Albert Winkler, anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi poyeza madera. Ankawerenga madigiri onse oposa 10 a tsiku lililonse kuyambira mu Epulo mpaka mu Okutobala, n'kuwaphatikiza, ndipo anagawa madera m'magulu asanu, kuyambira ozizira mpaka otentha. Cholinga chinali choti mlimi adziwe mtundu wamphesa woyenera dera lake. Pinot Noir ndi Chardonnay zimapsa msanga, choncho zimakoma kozizira. Cabernet Sauvignon imachedwa, imafuna kofunda pang'ono. Grenache ndi Mourvèdre zimapirira dzuwa lamphamvu la kum'mwera kwa France ndi ku Spain.

Mvula nayo ili ndi mbali yake, makamaka nthawi imene imagwa. Mpesa umafuna kuti nthaka imwe madzi iwo uli m'tulo, kenako kuume pamene mphesa zikupsa. Mvula ya nthawi yokolola imatupitsa mphesa, kusungunula kakomedwe, kung'amba khungu ndi kuitana chiwawu ndi kuola. N'chifukwa chake vinyo wa ku South Africa amachokera makamaka ku Western Cape, kumene mvula imagwa m'miyezi yozizira, cha m'ma Meyi mpaka Ogasiti, ndipo miyezi yotentha imakhala youma. Kwathu kuno zinthu n'zotembenuka: mvula ndi kutentha zimabwerera limodzi, pa nthawi yomwe mphesa zikanafuna mlengalenga wouma. Sikuti kumadera otentha mphesa sizingalimidwe ayi. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania, kumene mvula ndi yochepa, ndi m'chigwa cha mtsinje wa São Francisco ku Brazil, alimi amakolola kawiri pachaka. Kumeneko mpesa sugona wokha, ndiye mlimi amachita kuulamula nthawi yophukira mwa kuudulira.

Nyanja zimasinthanso nkhani. Mzinda wa Cape Town uli pafupifupi madigiri 34 kum'mwera, pamalo pomwe pakanatentha kwambiri, koma madzi ozizira a Benguela oyenda m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic amaziziritsa mpweya, ndipo mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene anthu akumeneko amaitcha Cape Doctor, imaumitsa masamba n'kuchepetsa matenda. Ku Chile ntchito yomweyi imagwiridwa ndi madzi ozizira a Humboldt, pomwe ku California nkhungu yochokera kunyanja imalowa m'zigwa usiku n'kudzachoka dzuwa litakwera. Usiku wozizira ndi wofunika kwambiri, chifukwa kukazizira mphesa sizitaya asidi msanga, pamene usana wofunda umakhala ukuwonjezera shuga.

Chaka n'chaka nyengo sibwera mofanana, ndipo ichi ndicho chifukwa chake pa botolo amalemba chaka chimene mphesa zinathyoledwa. Mu 2021 mwezi wa Malichi unafunda ku France, mipesa n'kuphukira msanga. Kumayambiriro kwa Epulo kunagwa chisanu choopsa usiku ungapo motsatizana. Alimi a ku Chablis ndi madera ena anachezera kuyatsa makandulo akuluakulu pakati pa mizere kuti atenthetse mpweya, koma mphukira zambiri zinapserera ndithu, ndipo zokolola za dziko lonse chaka chimenecho zinali m'gulu la zochepetsetsa pa zaka makumi angapo. Matalala nawo amatha kusakaza munda umodzi pa mphindi khumi n'kuusiya woyandikana nawo wosakhudzidwa.

Mtsetse, kumene wapenya ndi kutalika kwake

M'kati mwa dera limodzi, kakhalidwe ka malo ndiko kamagawa nyengo m'tizidutswa. Kumpoto kwa dziko lapansi dzuwa limadzera chakum'mwera, ndiye mtsetse wopenya kum'mwera umawothera dzuwa tsiku lonse. M'chigwa cha mtsinje wa Mosel ku Germany, pafupifupi madigiri 50 kumpoto, mfundo imeneyi ndiyo imalekanitsa kukolola ndi kulephera. Mtsinjewo umakhotakhota, ndipo minda yotchuka ili m'mbali zopenya dzuwa, pomwe tsidya lina lamthunzi nthawi zambiri ndi nkhalango kapena midzi. Phiri la Calmont pafupi ndi mudzi wa Bremm ndi lotsetsereka mpaka pafupifupi madigiri 65, moti thirakitala singakwereko, ntchito yonse ndi yamanja. Miyala yakuda ya sileti imene yakuta nthaka imamwa kutentha masana n'kukutulutsa madzulo. Kumeneko mphesa za Riesling zimapsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala, n'kupereka vinyo wopepuka, wonunkhira, wa asidi wakuthwa, amene amasungika zaka zambiri.

Kum'mwera kwa dziko lapansi dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo m'madera otentha mlimi amalithawa. Ku Stellenbosch ndi madera oyandikana nawo, amene akufuna vinyo wotsitsimula amasankha mitsetse yopenya kum'mwera, yolandira kamphepo ka kunyanja ya False Bay. Ena anasamukira kumadera ozizira ngati Elgin ndi chigwa cha Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus, kumene Pinot Noir ndi Chardonnay zapeza malo.

Kukwera phiri ndi njira inanso yopezera kuzizira. Pa mamita 100 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi pafupifupi madigiri 0.6, monga amadziwira aliyense amene wachokapo ku Salima n'kukagona ku Dedza. Ku Mendoza m'dziko la Argentina mvula imangokwana mamilimita pafupifupi 200 pachaka, ndipo minda imathiriridwa ndi madzi osungunuka kuchokera ku chipale cha m'mapiri a Andes. M'chigwa cha Uco minda yakwera kuyambira mamita 900 mpaka 1,500. Kumeneko dzuwa ndi lakuthwa, ndipo mphesa za Malbec zimadziteteza pokhuthalitsa khungu, zimene zimapatsa vinyo mtundu wakuda bii, pamene usiku wozizira ukusunga asidi.

Mtsetse uli ndi mphatso inanso. Mpweya wozizira ndi wolemera, umayenderera kumunsi ngati madzi n'kukadikha m'zigwa, monga momwe chisanu chimayambira kudambo. Munda wa pakati pa phiri umapulumuka pamene wa m'munsi wapserera. Mitsinje ikuluikulu ndi nyanja zimachepetsanso ukali wa chisanu. Nthawi zina mtsinje umapanga vinyo amene sakanakhalako n'komwe. Ku Sauternes, kum'mwera kwa mzinda wa Bordeaux, kamtsinje kozizira ka Ciron kamathira mu mtsinje wofundirapo wa Garonne, ndipo nthawi yokolola m'mawa mumachita nkhungu. Chinyezicho chimameretsa nguwi yotchedwa Botrytis pa mphesa. Masana kukaomba dzuwa nguwiyo siziwoletsa, imangoboola khungu, madzi n'kuuluka, shuga n'kutsala wochindikala ngati uchi. Dzuwa likakana, zonse zimangoola. Mu 2012 munda wotchuka wa Château d'Yquem sunatulutse vinyo wake wamkulu ngakhale botolo limodzi, chifukwa nyengo sinalole.

Nthaka yopatsa moyeza

Tikafika pa nthaka, chinthu choyamba chimene chimadabwitsa mlimi wa chimanga n'chakuti minda yamphesa yotchuka yambiri ili pa nthaka yosauka: nsangalabwi, miyala ya laimu, choko, sileti, phulusa la mapiri ophulika. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anathirapo feteleza wambiri pa tomato n'kuona akungochita masamba. Mpesa ndi chomera choyanga. Ukapeza chonde ndi madzi osatha umangotambalala, masamba n'kuphimba mphesa, mpweya osadutsa, matenda n'kulowa, ndipo zipatso zimakula zikuluzikulu zamadzimadzi. Koma ukayamba kumva ludzu pang'ono pa nthawi imene mphesa zikusintha mtundu, umaleka kukulitsa nthambi n'kutumiza chakudya ku zipatso. Mphesa zimakhala zing'onozing'ono, khungu n'kuchuluka poyerekeza ndi madzi ake, ndipo m'khungumo ndimo muli mtundu, khambi ndi fungo lambiri. Ludzulo likapitirira muyeso, masamba amatseka timabowo take, ntchito yopanga shuga imaima, ndipo mphesa zimafota zisanapse.

Katswiri wa nthaka wa ku yunivesite ya Bordeaux, Gérard Seguin, atafufuza minda yotchuka ya m'deralo anapeza kuti nthaka zake n'zosiyanasiyana: ina ya nsangalabwi, ina yadongo, ina ya laimu. Zimene zinkafanana ndi mmene zimaperekera madzi. Zonse zimataya msanga madzi a mvula yamphamvu, koma zimasungako okwanira kupatsa mizu pang'onopang'ono m'chilimwe. Ku Médoc, kumadzulo kwa mtsinje wa Gironde, zitunda za nsangalabwi zimatenthedwa msanga ndipo madzi sadikha, choncho Cabernet Sauvignon yochedwa kupsa ija imakwanitsa kukhwima. Ku Pomerol, tsidya linalo, munda wa Pétrus wa mahekitala oposa 11 pang'ono uli pa dongo lolemera, lofanana khalidwe ndi makande: likanyowa limatupa, ndipo madzi ake limawatulutsa mouma manja. Dongo ndi lozizira, ndiye kumeneko amadzala Merlot imene imapsa msanga. Ku Champagne pansi pali choko chakuya, chimene chimamwa madzi ngati chinkhupule n'kumawabweza kukauma. Njira ndi zitatu, koma zonse zikufika pamodzi: mpesa usamire m'madzi, usafenso ndi ludzu.

Tsopano tingabwerere ku Vosne-Romanée. Mudziwu uli pa mtsetse wa Côte d'Or. Mtsetsewu, wotalika pafupifupi makilomita 60 kuchokera ku Dijon, wapenya kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa, moti dzuwa la m'mawa limaumitsa mame msanga, ndipo phiri limatchinga mphepo ya mvula yochokera kumadzulo. Pamwamba penipeni nthaka ndi yopyapyala, thanthwe lili pafupi, ndipo kumazizira. M'munsi mwa mseu muja dothi lokokoloka kwa zaka zikwizikwi launjikana, ndi lakuya, lachonde, losunga madzi, ndipo chisanu chimagona komweko. Pakati, pa mamita pafupifupi 250 mpaka 300 kuchokera pa nyanja, ndi pamene dongo ndi timiyala ta laimu zasakanikirana bwino, madzi amatsika koma osatheratu, dzuwa n'kumamenya molunjika. Minda yapamwamba kwambiri, imene amaitcha grand cru, yandandalika pa lamba wapakatiyu, ndipo vinyo wake sakwana ndi 2 pa 100 alionse a vinyo yense wa ku Burgundy.

Kodi mwala umalawika m'vinyo?

Apa ndi pamene pali mkangano weniweni. Nthaka ya ku Chablis ili ndi tizigoba ta nkhono za m'nyanja imene inalipo zaka pafupifupi 150 miliyoni zapitazo, ndipo olawa ambiri amati vinyo wakumeneko amamveka kamchere ndi fungo la zigoba. A ku Mosel amati amamva sileti. Akatswiri a miyala, monga Alex Maltman wa ku yunivesite ya Aberystwyth ku Wales, amatsutsa zoti mwala umadutsa m'mizu n'kukafika m'tambula. Miyala yambiri ilibe kakomedwe kapena fungo. Mizu imangotenga timchere tosungunuka, monga potaziyamu ndi kashiyamu, ndipo timene timatsala m'vinyo n'tochepa kwambiri moti lilime silingatizindikire patokha. Fungo la vinyo limapangidwa ndi mpesa weniweniwo m'chipatso, ndiponso ndi yisiti pa nthawi yowira.

Ine ndikuona kuti akatswiri a miyalawa akunena zoona, ndipo zoonazo sizichotsera nthaka ulemu wake. Vinyo wa Chardonnay wa ku Chablis ndi wosiyanadi ndi Chardonnay wa kwina, koma njira imene nthaka yadzera ndi yozungulira. Imalamula madzi, imalamula kutentha kozungulira mizu, imalamula kuchuluka kwa nayitirojeni amene mpesa ndi yisiti zimadya, ndipo potaziyamu akachuluka amafooketsa asidi. Nthaka ili ngati mayi wolera mwana: m'thupi la mwanayo simupezeka dzanja la mayiyo, koma kakulidwe kake konse kakuonetsa mmene analeredwera.

Dzanja la munthu

Palibe munda umene unadzisankha wokha. Amonke a ku Cîteaux, nyumba imene inakhazikitsidwa mu 1098, anapatsidwa minda ku Côte d'Or ndipo anailima mibadwo yambiri, akulemba zokolola ndi kuona kusiyana kwa malo ndi malo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kotereku ndiko kunabala timinda 1,247 tokhala ndi mayina ndi malire ake, totchedwa climats, timene bungwe la UNESCO linatiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2015. Mu 1395 wolamulira wa Burgundy, Philippe le Hardi, analamula kuti mphesa za Gamay zizulidwe m'minda ya m'deralo kuti Pinot Noir itsale. Gamay yomweyo imabala vinyo wokoma chakum'mwera, ku Beaujolais, pa nthaka ya miyala ya giranaiti. Mbewuyo inalibe mlandu, inangofunika malo ake.

Nthawi zina munthu amachita kupanga malowo. Médoc inali dera la madambo mpaka akatswiri a ku Holland atakumba ngalande zochotsera madzi m'zaka za m'ma 1600. Pa chilumba cha Lanzarote, mapiri ataphulika kuyambira mu 1730 mpaka 1736 n'kukwirira minda ndi phulusa, alimi anayamba kukumba maenje akuluakulu, mpesa umodzi dzenje limodzi, n'kumanga kampanda ka miyala kotchinga mphepo, ndipo phulusalo limasunga chinyezi. Ngakhale mizu imene ili m'nthaka ya ku Burgundy lero ndi yobwera. M'zaka za m'ma 1860 kachilombo koyamwa mizu kotchedwa phylloxera kanafika ku France kuchokera ku America, kanasakaza minda ya ku Ulaya, ndipo mu 1886 kanapezekanso ku Cape. Njira yopulumukira inali kumezanitsa mipesa ya ku Ulaya pa zitsa za mipesa ya ku America. Koma zitsa zoyambazo zinkachita chikasu pa nthaka ya laimu, mpaka anapeza mpesa wakutchire wa ku Texas wozolowera laimu, mothandizidwa ndi katswiri wina wa mphesa, T. V. Munson. Munda wa Romanée-Conti unakakamira mizu yake yakale mpaka mu 1945. Kenako mipesayo inazulidwa, ina yomezanitsa n'kudzalidwa mu 1947. Botolo lodula lija ndi la zokolola zomaliza za mizu yakaleyo.

Malamulo anabwera pambuyo. Mu 1855 minda ya ku Médoc inasanjidwa m'magulu asanu potengera mitengo imene vinyo wake ankagulidwira. Mu 1935 dziko la France linakhazikitsa lamulo loteteza mayina a malo, ndipo South Africa inayamba dongosolo lake la Wine of Origin mu 1973. Malamulowa amateteza wogula, koma dzina la malo palokha silitsimikiza kukoma. Munda wa Clos de Vougeot, umene amonke aja anauzinga ndi mpanda, ndi wa mahekitala pafupifupi 50 ndipo wonsewo ndi grand cru, ngakhale kuti umatsika kuchokera pa nthaka youma ya kumtunda mpaka pa dongo lonyowa la kumseu. Lero uli ndi eni ake oposa 80. Mabotolo awo ali ndi dzina limodzi, koma m'kati mwake ndi osiyana kutali, malinga ndi chigawo cha munda, kadulidwe, kuchuluka kwa zokolola zimene mwini walola, ndi tsiku lothyola.

Malo abwino sali ku Ulaya kokha. Pa 24 Meyi 1976 ku Paris, wogulitsa vinyo wa ku Britain, Steven Spurrier, anakonza mpikisano umene akatswiri a ku France analawa vinyo osaona mabotolo. Pa vinyo wofiira ndi woyera yemwe, opambana anali a ku California: Stag's Leap Wine Cellars ndi Chateau Montelena. Tsikulo linatsegula maso a ambiri kuti malo abwino alipo ochuluka, akungodikira anthu oti awaphunzire. Ndipo ponena za anthu, tisaiwale amene mayina awo salembedwa pa botolo. Vinyo woyamba wa ku Cape anafinyidwa mu 1659, ndipo minda ya Constantia imene Simon van der Stel anayambitsa mu 1685 inatchuka mpaka ku Ulaya, koma inkalimidwa ndi akapolo. Pambuyo pake antchito a m'mafamu ambiri ankalipidwa mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, mchitidwe umene unasiya mabala aakulu m'mabanja. Lero pakati pa odulira ndi othyola mphesa ku Western Cape pali ndi abale athu ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Munthu amene amadziwa mzere umene umayamba kupsa ndi pangodya pamene chisanu chimagona nthawi zambiri ndi amene wagwira chodulira m'manja.

Pamene nyengo ikusuntha

Mzinda wa Beaune uli ndi zolembedwa za masiku oyambira kukolola mphesa kuyambira mu 1354. Ofufuza atazisanthula anapeza kuti kuyambira mu 1988 kukolola kwakhala kukuyamba msanga ndi masiku pafupifupi 13 poyerekeza ndi zaka mazana asanu ndi limodzi zam'mbuyo. Mu 2003 alimi anathyola mu Ogasiti, pomwe makolo awo anazolowera kumapeto kwa Seputembala. Kupsa msanga kukutanthauza kupsa kukadali kotentha, shuga wambiri, asidi wochepa. Kuphukira msanga kukutanthauza kukumana ndi chisanu cha mu Epulo, monga zinachitikira mu 2021.

Alimi ayamba kale kusuntha. Choko cha ku Champagne chimapezekanso kum'mwera kwa England, kumene kale kunkazizira kwambiri, ndipo mu 2015 kampani ya vinyo ya Taittinger ya ku Champagne inagula malo ku Kent oti idzalepo mphesa. Mu 2021 Bordeaux inaloledwa kuyesa mitundu isanu ndi umodzi yatsopano yopirira kutentha, kuphatikizapo Touriga Nacional ya ku Portugal. Ena akukwera mapiri, ena akudzala m'mitsetse yamthunzi imene agogo awo ankainyoza. Mwala wa pansi pa Romanée-Conti sunasinthe, koma mlengalenga wa pamwamba pake ukusintha, ndipo ubwino wa munda umachokera pa kugwirizana kwa ziwirizo ndi mbewu imene yadzalidwapo.

Choncho tikafunsanso kuti kamunda kaja kali ndi chiyani, yankho lake ndi lomveka kwa mlimi aliyense. Kali pamalo pamene madzi sadikha koma satheratu, pamene dzuwa limakwana koma osapsereza, pamene chisanu chimadutsa osagona, ndipo kadzalidwa mbewu imene nthawi yake yopsera ikulingana ndi kutalika kwa nyengo ya pamalopo. Zonsezi zinadziwika chifukwa anthu anakhala pa mtsetse umodzi zaka pafupifupi 900, akuyang'ana, akulawa, akukumbukira, n'kumauza ana awo. Nzeru yoteroyo ilinso m'mitu ya agogo athu amene amadziwa pamene mtedza umakondwa ndi pamene mbatata imakana. Alimi a ku Burgundy anailemba, ndipo lero ndi zolembazo akutha kuona kuti nyengo yasuntha ndi masiku angati. Ifenso tiyenera kufunsa agogowo akadali moyo, n'kulemba munda ndi munda, dzina ndi dzina.